Kuchokera pa "alawako" kukafika pa "ali thapsa": mawu a mowa ndi zimene amabisa

Mkamwini akamafufuzidwa, funso limodzi silisowa: "Kodi amamwa?" Palibe amene amabweza kuti amamwa chiyani. Tonse timamwa madzi, tiyi ndi thobwa, koma mawu akuti kumwa akangoima okha, osatchula chomwedwacho, nkhani ndi ya mowa basi. Mayankho ake nawo ali ndi makwerero. "Samwa" ndi yankho loyera. "Amalawako" ndiye kuti amamwa, koma woyankhayo akumukonda mnyamatayo. "Amamwa ndithu" ndi chenjezo. Woyankha akayamba wausa moyo n'kunena kuti "koma kumbali imeneyo," ankhoswe anzeru amabwerera asanamve zambiri.

Mawu a kuledzera tili nawo ambiri, ndipo ochuluka a iwo anapangidwira ntchito ziwiri, kuseketsa kapena kuphimba manyazi. Pa ntchito zimenezo ndi akuthwa kwabasi. Amayamba kufooka pamene moyo wa munthu wafika pangozi, chifukwa pamenepo liwu limodzi limasenza zinthu ziwiri zosiyana kutali, china chongofuna tulo, china chofuna chipatala usiku womwewo.

Tsinde la zonse ndi kuledzera. Liwuli si la mowa wokha. Kalongonda wosaphikidwa mokwanira amaledzeretsa. Chinangwa chowawa chosaviikidwa bwino chimaledzeretsa. Nsomba zothiridwa katupe m'dziwe zimayandama zitaledzera, ndipo munthu akapatsidwa mpando n'kuyamba kuiwala anzake timati waledzera ndi udindo. Ponseponse ganizo ndi limodzi: chinachake chalowa m'kati, ndipo mutu waleka kulamulira thupi.

Chochititsa chidwi ndi mmene timasankhira mwini mlandu m'chiganizo. Tikati "waledzera," wochita ndi munthuyo. Tikati "mowa wamukwera," "mowa wamugwira" kapena "mowa wamuipira," wochita wasanduka mowa, munthuyo wangogwidwa ngati mbewa pamsampha. Mayi wofuna kuteteza mwana wake amapita patsogolo pang'ono n'kuti "anzake amuledzeretsa." M'mawa mwake, pabwalo la ankhoswe, amene anaswa mbale ndi kutukwana apongozi amagwada n'kunena kuti "unali mowa." Kunyumba mawu amenewa nthawi zina amagwira ntchito. Kukhoti sagwira. Gawo 13 la malamulo a milandu ya upandu ku Malawi, ndipo ku Zambia nambala ndi yomweyo, limanena kuti kuledzera pakokha si chodzitetezera pamlandu, kupatula m'njira zochepa zimene lamulolo latchula, monga pamene munthu wamwetsedwa asakufuna.

Palinso mawu aulemu. Mwana woleredwa bwino sanena kuti "bambo aledzera." Amati "bambo atopa," "achokera kocheza," kapena "alawako pang'ono," ngakhale bambowo atabwera pawilibala. Ulemu umenewu ndi wabwino pakhomo. Ukafika pamaso pa namwino umasokoneza, ndipo tibwererako.

Makwerero ake, ndi manambala ake

Kuti mawuwa amveke bwino tiwaike pambali pa muyeso. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limawerenga magalamu 10 a mowa weniweni, uja akatswiri amautcha ethanol, ngati muyeso umodzi. Kuwerengera kwake n'kosavuta: tengani mamililita a chakumwacho, chulukitsani ndi peresenti yolembedwa pabotolo, gawani ndi 100, kenako chulukitsani ndi 0.8. Botolo la mamililita 330 la 5 peresenti limatuluka magalamu 13. Paketi ya lita imodzi ya masese imene yakhala masiku angapo n'kufika 4 peresenti ili ndi magalamu 32, ndipo dziwani kuti masese amapitiriza kuwira m'paketimo, choncho ya lero ndi ya mkuja si zofanana. Kabotolo ka mamililita 200 ka mowa waukali wa 40 peresenti kali ndi magalamu 64. Kabotolo kolowa m'thumba la malaya kameneko n'chimodzimodzi mabotolo asanu a mowa wamba. WHO yomweyo imati munthu akamwa magalamu 60 pa nthawi imodzi wamwa mopyola muyeso, ndiye kuti kabotolo kamodzi kadutsa kale mzere.

Kachasu sawerengereka motere chifukwa alibe pepala. Botolo loyamba kudontha potcheza, lija amati mutu, limatha kuposa mowa waukali wa m'sitolo, pamene lomaliza limakhala lamadzimadzi. Velemoti ya kwa mayi uyu ndi ya kwa mayi uyo zimangofanana botolo.

Mwamuna wolemera makilogalamu 65 akamwa botolo limodzi lija la magalamu 13, m'magazi mwake mowa umafika pafupifupi magalamu 0.03 pa mamililita 100 aliwonse. Mkazi wa makilogalamu 55 amafika kupitirira 0.04 ndi botolo lomwelo, chifukwa thupi lake lili ndi madzi ochepa osungunulira mowawo. Apa ndi pamene timati alawako. Nkhope yamasuka, wamanyazi wayamba nthabwala, kuseka kwakwera pang'ono. Munthu amadziona ngati wachangamuka, koma chimene chachitika n'chakuti mbali ya bongo yomwe imamuletsa zinthu ndiyo yayamba kuwodzera.

Mabotolo atatu otsatizana amamufikitsa mwamuna uja cha pa 0.08, amene ndi malire a lamulo la pamsewu ku Malawi ndi ku Zambia. Ku South Africa malire ndi 0.05, zomwe abale ogwira ntchito ku Johannesburg ayenera kuzisunga m'mutu. Achinyamata apa amati wayaka. Mawu akwera, nkhani imodzi akuibwereza katatu, akugula raundi ndi ndalama ya lendi. Chovuta pa sitepe imeneyi n'chakuti munthu amayendabe mowongoka ndipo amalumbira kuti ali bwinobwino. Chichewa sichimutcha woledzera munthu ameneyu, koma maso ndi mapazi ake achedwa kale, ndipo pachiwongolero kapena panjinga yamoto ya kabaza kuchedwa kwa theka la sekondi n'kokwanira.

Kuyambira 0.10 kukafika 0.20 ndi pamene chilankhulo chathu chimasangalala. Lilime lalemera. Akudzandira, ali dzandidzandi, msewu wamuchepera. Maso ali psuu. Wina amabwetuka zinsinsi, wina amalalata mudzi wonse kuyambira kwa amfumu, wina amalira maliro a agogo amene anamwalira kalekale. Mneni wakumwa nayenso amasintha: salinso kumwa, akupapira, akugugudiza. Amene amati akafika apa n'kuyamba ndewu timati ali ndi mowa woipa, ngati kuti vuto lili m'chipanda.

Kupitirira 0.20 munthu sadziwa kumene ali. Amasanza, amadzikodzera, amagona m'ngalande n'kumayesa ndi pamphasa. Cha apa pamachitikanso chinthu chimene tilibe dzina lake lenileni. Munthu amayenda, amalankhula, amalipira, mwina kumenya mnzake, koma m'mawa sakumbukako kanthu. Anthu amati akunama pothawa mlandu. Nthawi zambiri sakunama: mowa ukachuluka, makamaka ukakwera mofulumira, mbali ya bongo yosunga zatsopano imaleka kulemba, ndiye palibe choti akumbukire. Kusakumbukako sikufafaniza mlandu, koma kukamachitika kawirikawiri ndi chizindikiro chakuti kamwedwe kafika poipa.

Ali thapsa

Tsopano tafika pa mawu amene ine ndimawaona kuti ndi oopsa kuposa onse. Munthu wakhuta mowa, wagwa, ali thapsa. Anzake amaseka, amamunyamula miyendo ndi manja, amakamuponya pakhonde kapena kumpando wakumbuyo kwa galimoto, n'kunena kuti "musiyeni agone, uphwa wokha." Mawu akuti wagona amatchula zinthu ziwiri. Pali woledzera amene ali m'tulo, ndipo pali amene wakomoka ndi mowa. Kuyambira 0.30 munthu amatha kukomoka, ndipo cha pa 0.40 mbali ya bongo yoyendetsa kupuma imatha kuima. Kunja onse awiri amaoneka chimodzimodzi, mkonono ndi womwewo.

Chinanso chimene ambiri sadziwa n'chakuti mowa umapitiriza kukwera m'magazi munthu atagona kale. Amene wagugudiza kabotolo kaukali mphindi khumi asanagwe, mowawo udakali m'mimba ndipo ulowa m'magazi m'theka la ola kapena ola likubweralo. Amene mwamugoneka akuyankha akhoza kukhala wosadzutsika pakutha pa ola.

Kusiyanitsa kwake n'kotere. Muitaneni dzina mokweza, mugwedezeni paphewa, mutsineni khutu mwamphamvu. Wogona amadandaula, amakankha dzanja lanu, mwina kukutukwanani, ndipo kutukwana kumeneko ndi nkhani yabwino. Wokomoka sayankha. Kenako tsegulani wotchi ya pafoni muwerenge kupuma kwake kwa mphindi yathunthu. Akapuma kosakwana kasanu n'katatu pa mphindi, kapena pakamadutsa masekondi 10 asanapumenso, thamangani naye kuchipatala. Chimodzimodzi ngati khungu lazizira ndi kunyowa, milomo yatuwa, akusanza osadzuka, kapena wayamba kugwedezeka ngati wakhunyu.

Ngakhale amene akuyankha asagonekedwe chagada. Ambiri amene amapezeka atafa m'mawa sikuti mowa unaimitsa mtima, koma anasanza ali chagada, masanziwo n'kulowa kunjira ya mpweya. Mugonekeni chammbali. Bondo la mwendo wapamwamba lipindike n'kugunda pansi kutsogolo kwake kuti asagubuduke, dzanja lapamwamba likhale kunsi kwa tsaya, chibwano chikwezeke pang'ono, pakamwa paloze pansi kuti chotuluka chituluke. Mufunditseni. Mowa umatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu n'kumamva kutentha pamene thupi likutaya kutenthako, ndipo usiku wa June kapena July ku Dedza kapena ku Mzuzu woledzera wogona panja akhoza kufa ndi kuzizira kokha. Wina akhale naye, azimudzutsa pafupipafupi kwa maola angapo oyamba.

Zimene timakonda kuchita pofuna kumutsitsimutsa n'zimene zimaononga. Kumuthira ndowa ya madzi kumangowonjezera kuzizira. Kumutsanulira tiyi, mkaka kapena phala m'kamwa ali wosadzuka ndi kumutsamwitsa. Kumulowetsa chala kukhosi kuti asanze n'chimodzimodzi. Khofi sachotsa mowa m'magazi, amangopanga woledzera wosagona. Ngati ali maso ndipo akumeza bwino, tiyi wa shuga wambiri amathandiza pa chifukwa china: mowa umaletsa chiwindi kutulutsa shuga, ndipo amene wamwa tsiku lonse osadya shuga wake amatsika mpaka kukomoka. Kwa ana izi zimachitika msanga kwambiri. Mwana amene wapeza kachasu wotsala m'kapu n'kumwa asagonekedwe kuti "auphwetse," apite kuchipatala.

Ndipo fungo la mowa lisatseke maso. Munthu akhoza kununkha mowa koma chomugonetsa n'kukhala china: anagwa n'kumenyetsa mutu pamwala magazi n'kumatayikira m'kati, ali ndi matenda a shuga, wachita sitiroko, kapena ndi malungo aakulu. Lamulo losavuta kusunga ndi lakuti kuledzera kumatsika ndi nthawi. Amene akuipiraipira maola akamapita, kapena amene ali ndi chotupa kapena bala m'mutu, si wongoledzera. Anthu angapo amene amwera mbiya imodzi akayamba kudwala pamodzi, kumenekonso si kuledzera. Mu January 2015 ku Chitima, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, anthu 75 anamwalira atamwa mowa wamasese pamaliro. Mphekesera yoyamba inali ya ndulu ya ng'ona, monga mwa nthawi zonse. Kuyeza kunadzaonetsa kuti ufa wa chimanga umene anafululira unali utaonongeka, ndipo tizilombo tinapangamo poizoni wotchedwa bongkrekic acid.

Maina a munthu wake

Chidakwa ndi liwu lofala kuposa onse, koma maonekedwe ake ndi a mlendo. Tilibe mneni woti kudakwa m'Chichewa cha tsiku ndi tsiku. Achizulu ndi Andebele ali naye, ukudakwa, ndipo munthu wake amati isidakwa. Ashona amati kudhakwa ndi chidhakwa. Poona maulendo a Angoni, ndiponso a makolo athu amene ankapita kumigodi ya ku Joni ndi kuminda ya ku Zimbabwe, njira imene liwuli linadzera siyovuta kuiganizira. Ku Lusaka ndi ku Chipata mudzamva chakolwa, kuchokera ku kukolwa, ndipo Atumbuka amati kuloŵera.

Taonani kumene liwuli limamuika munthu. Sitinena kuti "chidakwa uja wabwera," timati "chidakwa chija chabwera," ndipo akachuluka ndi zidakwa. Watuluka m'gulu la anthu, walowa m'gulu la chitsiru, chigawenga ndi chinthu. N'chifukwa chake limapweteka, ndipo n'chifukwa chake mkazi akalinena kwa mwamuna wake pamaso pa ana, nkhani imafika kwa ankhoswe. Mkazi womwa amalandira dzinali msanga kuposa mwamuna. Mabotolo awiri pabala amamukwanira, pamene mwamuna amayenera kugulitsa kaye malata a nyumba.

Chiledzerere ndi lathulathu, ndipo kapangidwe kake n'kokongola. Timati munthu ali chigonere, ali chikhalire, ali chiimire, kutanthauza kuti chiyambire sanasinthe. Chiledzerere ndi amene kuledzera kwake kulibe mpata, kwa dzulo kumalumikizana ndi kwa lero.

Mbiyang'ambe ndi lanthabwala, lokondedwa ndi olemba nyuzi. M'kati mwake mukumveka mbiya ndi kung'amba: munthu amene sachoka pamowa mpaka mbiya ione zakuda. Lili ndi kamzimu kofanana ndi dzina la mowa uja wa Kuche Kuche, lomwe likunena za anthu ochezera mpaka kunja kuyere. Munthu amatha kudzitcha yekha mbiyang'ambe akuseka, koma simudzamumva akudzitcha chidakwa.

Maina atatuwa timawasakaniza, koma anthu amene amatchulidwa nawo ndi amitundu iwiri. Woyamba ndi wa pamalipiro kapena wa pamsika wa fodya. Amatha milungu itatu osalawa, ndalama ikalowa amamwa masiku awiri osabwera kunyumba. Ngozi zake ndi za pamsewu, ndewu, matenda opatsirana pogonana, ndi kuja kogona chagada. Wachiwiri samveka phokoso. Amamwa tsiku lililonse, pang'onopang'ono kuyambira m'mawa, sadzandira, satukwana, ndipo kuntchito amafika. Mudzi umatcha woyamba uja chidakwa chifukwa ndi amene amaoneka. Wachiwiriyu timamuyamikira kumene: "amene uja ndi dolo, saledzera," "mutu wake ndi wolimba." Kunena zoona, kusaledzera kumeneko ndi chizindikiro cha matenda. Bongo wazolowera mowa moti ukufuna wochuluka kuti umve kanthu, koma chiwindi, mtima ndi kapamba zikulandira magalamu onse osachotsera. Pakapita zaka zimadzaonekera pa masaya otupa, milomo yofiira, mapazi otupa, maso achikasu ndi mimba yodzaza madzi. Chiwindi chikafooka zinthu zimatembenuka, dolo uja amayamba kuledzera ndi toti imodzi.

Liwu limene limafotokoza bwino munthu wachiwiriyu tili nalo kale, koma timaligwiritsa ntchito kwambiri pa fodya: chibaba. Chibaba ndi njala ya chinthu chimene thupi lazolowera, yosamva uphungu. Mukafuna kudziwa ngati m'bale wanu wafika pamenepo, musawerenge mmene amadzandirira. Funsani izi: kodi akayamba amatha kuima pamene anafuna kuimira? Kodi mlingo wake wakwera poyerekeza ndi chaka chatha? Kodi wasiya zinthu zimene ankazikonda, mpira, tchalitchi, dimba? Kodi akupitiriza ngakhale adokotala kapena abwana amuchenjeza? Ndipo funso lalikulu, kodi m'mawa manja amanjenjemera mpaka atamwako?

Maina a mowawo nawo amanena zambiri, ndipo omwa ndi amene amawapereka. Kachasu ndi bibida tinatengera kwa Apwitikizi, ku mawu awo a cachaça ndi bebida. Palinso jang'ala, mtonjani ndi chikokeyani. Mkalabongo sabisa chimene amachita, amakala bongo. Ku Zambia timapaketi ta mowa waukali ankatitcha tujilijili, ndipo boma linatiletsa mu 2012. Ku Malawi masacheti analetsedwa mu 2015, ukali womwewo n'kusamukira m'timabotolo ta pulasitiki tomwe anthu amati midoli. Ndipo pali wina wosadziwika kumene amapangidwa amene omwa anamupatsa dzina loti "Ambuye ntengeni." Munthu amaitanitsa ndi pakamwa pake, akuseka.

Matsire

Matsire enieni ndi awa: mutu ukuwawa, pakamwa pauma, nseru, thupi lofooka, kuwala kukulasa m'maso. Amabwera mowa ukamatha m'magazi. Zoyambitsa zake ndi zingapo. Mowa umakodzetsa kwambiri ndiye thupi lauma, wakanda m'mimba, wasokoneza tulo, ndipo chiwindi pouphwanya chimayamba chausandutsa acetaldehyde, yemwe ndi poizoni kuposa mowawo. Mankhwala ake ndi madzi, chakudya ndi nthawi. Paketi ya Thanzi yosungunula mu lita imodzi ya madzi imathandiza amene wasanza kwambiri. Phala, thobwa kapena msuzi wa mang'ina n'zabwino chifukwa zikubwezera madzi, mchere ndi shuga, osati chifukwa zili ndi mphamvu yapadera. Aspirin ndi brufen amawonjezera kukanda m'mimba mopanda kanthu. Panado asapitirire mlingo wolembedwa, ndipo amene amamwa mowa tsiku ndi tsiku achepetse kuposa pamenepo, chifukwa mankhwalawa ndi mowa zimakumana pa chiwindi chimodzi.

Koma pansi pa liwu limodzili pabisala zinthu zina zitatu zimene si matsire.

Choyamba ndi kuledzera kumene sikunathe. Chiwindi chimatsitsa muyeso uja wa mowa m'magazi ndi pafupifupi 0.015 pa ola, ndiye kuti botolo limodzi limafuna ola ndi theka kapena awiri, ndipo palibe chochifulumizitsa, kaya kusamba, kaya kuthamanga, kaya tsabola. Amene wasiya kumwa pakati pa usiku ali pa 0.18, pofika 6 koloko m'mawa ali pa 0.09. Iye akuti ali ndi matsire. Chipangizo cha apolisi apamsewu chikuti ndi woledzera, ndipo cholondola ndi chipangizocho. Dalaivala wa minibasi yoyamba kunyamuka m'depoti akhoza kukhala munthu ameneyu.

Chachiwiri ndi poizoni wa methanol, amene amapezeka mu mowa wosakanizidwa ndi sipiriti wa m'mafakitale. Usiku munthu amaledzera monga mwa masiku onse. Patapita maola 12 mpaka 24, nthawi zina kupitirira, mutu umawawa koopsa, m'mimba mumapota, amapuma mofulumira ngati wathamanga, ndipo maso amachita chifunga. Matsire salanda maso. Womwa akangonena kuti sakuona bwino, nyamukani nthawi yomweyo, mutenge botolo limene anamwera, ndipo muwauze onse amene anamwa naye kuti apitenso ngakhale akudzimva bwino. Mamililita 10 okha a methanol akhoza kuchititsa khungu, ndipo 30 akhoza kupha.

Chachitatu ndi chija chimabisala m'mawu akuti kuchotsa matsire. Wamatsire wamba akaona botolo m'mawa amachita nseru. Amene amadzuka manja akunjenjemera, thukuta lili kamukamu, mtima ukugunda, ali ndi mantha osadziwika chifukwa chake, ndipo zonsezi n'kutha akangomwa toti imodzi, ameneyo sakuchotsa matsire. Thupi lake likulira mowa. Bongo umene wakhala ukuponderezedwa tsiku ndi tsiku unaphunzira kukankha mobwezera, ndipo chopondereza chikachoka mwadzidzidzi umathamanga wopanda mabuleki.

Apa m'pamene mabanja amalakwitsa ndi mtima wabwino. Atopa naye, amutsekera m'chipinda, kapena amutengera kumapemphero a masiku atatu, kapena wagonekedwa m'chipatala ndi mwendo wothyoka ndipo palibe wanena kuti amamwa. Nthawi yake imayenda motere. Pakati pa maola 6 ndi 24 chimwereni komaliza, manjenje, thukuta ndi kusowa tulo. M'masiku awiri oyamba ena amagwa ngati akhunyu, ngakhale sanadwalepo khunyu. Tsiku lachiwiri mpaka lachinayi ndi loopsa kwambiri: thupi limatentha, munthu sadziwa kumene ali, amaona njoka, mphemvu kapena anthu pakhoma, amamva mawu omuopseza, amafuna kuthawa. Pamudzi izi zimatchedwa misala, ziwanda kapena kulodzedwa. Madokotala amazitcha delirium tremens, ndipo popanda chithandizo zimapha. Chithandizo chake chilipo ndipo si chodula: mankhwala okhazika bongo monga diazepam omwe amachepetsedwa tsiku ndi tsiku, vitamini B1, madzi ndi shuga, zonse moyang'aniridwa ndi achipatala. Choncho amene wakhala akumwa kwambiri tsiku lililonse, makamaka ngati anagwapo kale posiya, asasiye mwadzidzidzi ali yekha kunyumba. Ayambire kuchipatala cha boma cha m'dera lake. Chipatala cha matenda a maganizo cha Zomba, a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndiponso Chainama ku Lusaka amathandiza anthu ofuna kusiya mowa.

Mukafika naye kumeneko, ulemu uja wa pakhomo muusiye pageti. Namwino akafunsa kuti "kodi bambowa amamwa?" yankho loti "amalawako" kapena "pang'ono chabe" lingachititse kuti apatsidwe mankhwala a malungo okha, manjenje n'kudzawapeza pabedi usiku wachiwiri. Yankho loti "ndi chidakwa" nalonso silithandiza, chifukwa ndi chigamulo, si muyeso, ndipo wodwalayo akalimva amatseka pakamwa. Nenani mtundu wa mowa, kukula kwa botolo, angati patsiku, masiku angati pamlungu, kwa zaka zingati, ndi ola limene anamwa komaliza: "Amamwa kachasu, mavelemoti awiri tsiku lililonse, chaka chino ndi chachisanu, m'mawa amanjenjemera, ndipo anamaliza kumwa Lachiwiri cha m'ma 8 koloko usiku."